Amayi a Mapepala Amene Ndinkawathawa

Ndinali telala pa khonde la sitolo ina ku Kawale, m'zaka zimene zipani zambiri zinali zitangoyamba kumene. Makina anga anali opalasa ndi mapazi, akale koma omvera. Ntchito yanga yambiri inali kusoka mayunifomu, kuika mazipi ndi kupungula mathalauza a kaunjika, amene nthawi imeneyo anali atadzaza msika. Akazi anga ankagulitsa tomato ndi anyezi mumsika. Tinali ndi ana awiri, mtsikana wa sitandade 2 ndi khanda lakumsana.

Lachisanu lina m'dzinja, chakumasana, ndinamaliza madiresi atatu a atsikana operekeza mkwatibwi. Ukwati unali wa mawa lake ku Biwi, ndipo ndinali nditalonjeza kuti ndikawapereka ndekha. Ndinawakulunga mu chitenje n'kunyamuka wapansi. Ndili m'njira mvula inayamba kuwaza. Poopa kuti nsalu za eni zinganyowe, ndinapanira mtolo uja m'khwapa n'kuyamba kuthamanga. Sindinadziwe kuti kuseri kwa mzere wa nyumba umene ndinkadutsa, munthu wina anali atangoanula zovala za eni pachingwe n'kuliyatsa liwiro.

Ndinamva mfuu. "Wakuba! Wakubayo! Mugwireni!"

Ndinacheuka kuti nanenso ndimuone wakubayo. Anthu onse ankaloza ine.

Wina ananditchera ndale, ndinagwa chafufumimba m'matope. Zimene zinatsatira sindizikumbuka mwandondomeko. Ndikukumbuka zidutswa za njerwa, ndikukumbuka nsapato, ndikukumbuka kuti ndinaphimba mutu ndi manja. Ndinkati ndinene kuti ndine telala, koma mkamwa munali matope ndi magazi. Kenaka ndinamva mawu a mnyamata akuti, "Bweretsani tayala!" Masiku amenewo aliyense ankadziwa tanthauzo la mawu amenewo.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa makala, amene ndinkawasokera ana awo mayunifomu. Anakankha anthu ndi zigongono n'kudzigwetsa pamwamba panga.

"Muyambe mwapha ine! Awa ndi atelala a pasitolo! Tamasulani mtolowo muone!"

Munthu wina anamasula. Munali madiresi atatu ofanana, atsopano, choko changa chikadali m'mipendero. Phokoso linazilala. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi ngati kuti ankangodutsa. Palibe amene anapepesa.

Tisanapite kuchipatala tinadzera kupolisi kukatenga kalata, monga zinkakhalira ndi munthu womenyedwa. Wapolisi analemba dzina langa m'buku lalikulu. Ululu unali utandigonjetsa moti sindinatsatire zimene ankakambirana ndi anthu amene anandiperekeza, koma mawu akuti "kuba" ndinawamva akutchulidwa kangapo, ndipo anandikhala m'mutu.

Mkono wakumanja unathyoka, pamodzi ndi zala ziwiri. Nthiti zinavulala, m'mutu anandisoka. Ndinagonekedwa milungu itatu, n'kutuluka ndi chikhakha. Atadzachotsa chikhakhacho, zala zija zinali zitauma gwa. Sizasi sindinkatha kuigwira, ngakhale batani la malaya anga linkandikanika. Anandiuza kuti ndibwerenso akandione, koma sindinapite. Kuti munthu ukafike pokwerera minibasi unkayenera kudutsa pakati pa anthu, ndipo ine ndikangoona anthu asanu ataima pamodzi, thukuta linkandiyenda kumsana.

Ndiye ndinangokhala. M'mawa ndinkatulutsa kampando kuseri kwa nyumba, dzuwa likasuntha nane ndinkasuntha. Kutchalitchi ndinasiya. Ndinasanduka munthu waukali, wokalipira ngakhale nkhuku. Mwana wathu wamkazi uja anayamba chizolowezi chodandaula m'mimba m'mawa uliwonse nthawi yopita kusukulu ikakwana. Ndinkamukalipira kuti ndi ulesi. Tsiku lina ndinathyola kamtengo, ndipo akanapanda kuima pakati amayi ake, ndikanamukwapula ndi dzanja langa lamanzere.

Chimanga chitayamba kuuma m'minda, amayi a nyumba yoyandikana nafe anandiitana pampanda.

"Atelala, dzulo muli kubafa kunabwera alendo. Amayi awiri, wina atanyamula mapepala. Amafunsa dzina lanu lonse, la bambo anu lomwe. Ine ndinawauza kuti sindikudziwa ngati mulipo."

Ine ndinakulira kwathu ku Dedza m'masiku amene mlendo akafika ndi pepala m'manja n'kutchula dzina lako lonse, akazi ako ankayamba kulira asanamve n'komwe nkhani yake. Amalume anga anatengedwa chotero ndili wamng'ono, ndipo anabwerako patapita zaka ali osalankhulalankhula. Zinthu zinali zitasintha, inde, tonse tinkatero, koma thupi langa linali lisanamve za kusinthako. Ndinakumbuka buku lalikulu la kupolisi lija. Ndinati basi, mlandu wa zovala za pachingwe wandipeza.

Patapita masiku awiri ndinawaona akubwera chapatali, mmodzi wachikulire, wina wachitsikana, atafunda ambulera imodzi poteteza dzuwa. Ndinatulukira kumbuyo, kudumpha ngalande, n'kukalowa m'munda wa chimanga wa munthu wina kumunsi kwa dambo. Ndinakhala pamzere, bambo wa ana awiri, nyerere zikundikwera m'miyendo, mpaka mithunzi itatalika.

Nditabwerera ndinapeza akazi anga akusankha nyemba. Sanandiyang'ane.

"Alendo anu anabwera," anatero.

"Mwawauza chiyani?"

"Ndawauza kuti abwere Lachiwiri m'mawa, adzakupezani."

"Mwandigulitsa, mayi?"

"Si apolisi, bambo. Wapolisi wanji amene amavula nsapato pakhomo n'kupempha kuti anyamuleko mwana? Akuti achokera kuchipatala."

"Ndi mmene amayambira," ndinatero ine.

Ndinatsimikiza mumtima kuti Lachiwirilo ndilawirira kumunda kuja. Koma nditadzuka tsikulo ndinapeza mathalauza anga onse awiri ali m'beseni, atanyowa, sopo ali thovu. Chimene chinatsala chinali kabudula wong'ambika kumbuyo amene ndinkagona naye. Akazi anga ankachapa uku akuimba nyimbo ya kwaya, nkhope ili phee ngati sakudziwa kanthu.

Alendo aja anandipeza nditakhala pamphasa, nditadzifunditsa chitenje m'miyendo ngati wodwala malungo.

Wachikulire uja anali ndi imvi za m'mbali, wolankhula mosathamanga. Anapereka moni, kufunsa za ana, kenaka anati, "Ine ndine namwino, bambo. Uyu ndi mnzanga, ndi amene amalemba. Tachokera kuchipatala kumene munagonekedwa. Tikuchita kafukufuku pa anthu amene anavulazidwa ndi anthu anzawo. Kuchipatala kuja timangoona munthu akabwera ndi magazi. Timasoka, timamanga, timamutulutsa. Zimene zimachitika akafika kunyumba sitizidziwa. Ndiye tikuyenda m'makomo kuti timve kuti kumenyedwa kwa munthu mmodzi kumawononga zinthu zingati pakhomo. Dzina lanu sililembedwa pa pepala ili, pali nambala chabe. Mukafuna kukana, kanani, palibe chimene chichitike."

Ndinamvetsera zonsezo, koma funso langa linali limodzi.

"Nanga za mlandu?"

"Mlandu wanji?"

"Wa zovala. Kupolisi analemba dzina langa."

Namwinoyo anayang'ana akazi anga, kenaka ine. Anatsegula chikwama n'kutulutsa kapepala kamene anakoperapo za pakadi langa la kuchipatala. Anakabweretsa pafupi n'kuloza ndi chala.

"Kalata imene munabwera nayo kuchokera kupolisi inanena kuti ndinu munthu womenyedwa ndi gulu molakwika. Odandaula ndinu. Akanakhala kuti akukuganizirani zakuba, bwenzi m'wodi muja muli ndi wapolisi pambali pa bedi. Munamuona?"

Sindinamuone. Miyezi yonse ija mfundo yapafupi ngati imeneyo sinandifikepo m'mutu. Kenaka ndinayamba kuseka, kuseka kosaletseka, mpaka nthiti zovulala zija zinandikumbutsa kuti zilipo. Wachitsikana uja anaseka nawo osadziwa chimene tikuseka. Akazi anga anapukusa mutu n'kukanditungira madzi akumwa.

"Funsani, amayi," ndinatero nditamwa. "Funsani chilichonse."

Mafunso ake anali wamba. Ndakhala nthawi yaitali bwanji osagwira ntchito. Tinagulitsapo katundu wa m'nyumba kapena ayi. Ndinati wailesi. Ngati ndimagona bwino, ngati ndimapita kumene ndinkapita kale, ngati ndimapsa mtima msanga. Pa limeneli ndinazengereza, koma ndinavomera. Palibe munthu anali atandifunsapo zoterezi. Abale akabwera ankangofunsa kuti mkono uli bwanji, ine n'kuti uli bwino, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kenaka namwino anatembenukira kwa akazi anga.

"Amene munkawadikirira kuchipatala ndinu, mayi? Nanga geni yanu inatani?"

Akazi anga anayamba ndi kuseka pang'ono, ngati nkhani yosafunika. Anati tsiku limene ndinamenyedwa anali atangopikula dengu lathunthu la tomato. Pamene ankabwera kudzatenga zovala patapita masiku anayi, anapeza tomato yense atasungunuka, madzi ake akuyenderera mpaka pakhomo. Anati milungu itatu ija ankagona pasimenti ndi khanda, ndipo chifuwa chimene mwanayo anavutika nacho mpaka Pasaka anachitengera kumeneko. Anati atabwerera kumsika anapeza pabenchi pawo pali munthu wina, ndipo analibe mphamvu zokangana naye.

Ine ndinkaganiza kuti anasankha okha kugulitsira pakhomo kuti azindiyang'anira. Ndinkagona nawo m'nyumba imodzi, kudya chakudya chimene ankaphika, koma zonsezi ndinazimva tsiku limenelo, akuuza mlendo. Ndinayang'ana pansi.

Wachitsikana uja anatembenuza pepala n'kuwerenga funso lotsatira.

"Kodi pali mwana wa pakhomo pano amene anaona zimene zinachitikazo?"

"Ayi," ndinayankha msanga. "Anali kusukulu."

"Anaona," anatero akazi anga.

Ndinawayang'ana.

"Anali akuweruka. Anaona zonse. Anandiuza tili kuchipatala, n'kundipempha kuti ndisakuuzeni. Inenso ndinaona mmene munalili, ndinati ndikuuzani mukachira. Ndiye simumachira."

Wachitsikana uja anagwira cholembera m'mwamba osadziwa chochita. Ndinakumbuka kamtengo kamene ndinathyola kaja.

Namwino ndi amene anayamba kulankhula. "Ife tingochonga apa kuti eya. Zotsalazo ndi zanu, bambo. Mukhale naye pansi. Musamufunse ngati kukhoti, mungomulola alankhule."

Atamaliza mafunso anapempha kuti aone dzanja langa. Analitembenuza, kupinda chala chilichonse mpaka pamene ndinati mayo.

"Izi si za kafukufuku, ndi za unamwino wanga," anatero. "Fupa linalumikizana bwino. Zalazi zangouma chifukwa simuzigwiritsa ntchito. Mukachedwa ziumiratu, koma panopa nthawi ikadalipo. Bwanji simunabwerenso?"

Ndinawauza zoona, kuti ndimaopa anthu.

Sanadabwe. Anati m'makomo ambiri amene anayendamo, ku Chinsapo, ku Mgona, anthu ankawauza zomwezo, amuna akuluakulu ndithu, ena mpaka kusamuka. Anati si misala ndipo si uchitsiru, ndi bala lomwelo, kungoti ili silioneka. Analemba kakalata kopita nako kwa a mafizo, amene amaphunzitsa ziwalo kugwiranso ntchito, n'kundilangiza kuti ndizinyamuka m'mamawa misewu isanadzaze, ndiponso ndisamayende ndekha masiku oyamba.

Anakana tiyi, anati akuyembekezeka pakhomo lina ku Area 23. Ndinawaperekeza mpaka pampanda, chitenje chili m'chiuno, amayi oyandikana nafe aja akusuzumira.

Mwana uja ataweruka ndinamuitana kuseri kwa nyumba. Anabwera mwamantha n'kuima patali. Ndinamuuza kuti akhale pamphasa, n'kumupatsa mtedza kuti tiziswa limodzi. Tinayamba kuswa.

"Amayi ako andiuza kuti unaona tsiku lija," ndinatero. "Sindikukalipira. Ndimafuna ndikupepese. Sindinadziwe."

Anapitiriza kuswa mtedza, misozi ikugwera m'lichero. Kenaka anayamba kufotokoza, mawu akudukaduka. Anati ankachokera kusukulu ndi anzake pamene anamva mfuu. Onse anathamangira komweko akusangalala, monga ana amachitira. Iyenso ankakuwa nawo.

"Ndinakuwa kuti wakuba, ababa. Ndinakuwa kwambiri. Sindinadziwe kuti ndinu. Ndinadzaona nsapato yanu."

Anati kuyambira tsiku limenelo ankaganiza kuti mawu ake ndi amene anaitana anthu aja. Njira ya kusukulu inkadutsa pamalo pomwepo, ndipo akayandikira m'mimba munkamupota zenizeni. Kusukulu ana ena ankamutcha mwana wa wakuba.

Ndinamuuza chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu. Ndinamuuza kuti iye asanabadwe, ndikadali mnyamata wophunzira utelala, ndinamvapo mfuu ngati imeneyo pafupi ndi depoti. Ndinasiya ntchito n'kuthamangira. Ndinakuwa nawo, ndipo ndinaponyapo mwala. Sindinamuone nkhope munthuyo, sindinafunse chimene anaba, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anabadi kapena ngati anapulumuka.

"Iwe unangokuwa, ndipo ndiwe mwana," ndinatero. "Ine ndinali wamkulu. Amene anandimenya ndi akuluakulu, si iwe. Ukanakhala chete, akanandimenyabe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyeza ngati ndikunena zoona. Kenaka anasendera pafupi n'kutsamira phewa langa, lakumanja lomwelo. Linapweteka, koma sindinasunthe.

M'mawa mwake ndinavala thalauza langa louma n'kumuuza kuti ndimuperekeza kusukulu. Aka kanali koyamba kuti ndituluke kumsewu popanda chondikakamiza. Anandigwira dzanja lamanzere. Sindikudziwa kuti ankalimbitsa mnzake ndani. Titafika pamzere wa nyumba uja tonse tinafulumiza miyendo osauzana. Panali mayi akusesa ndi galu atagona padzuwa, basi. Pageti la sukulu ndinaima kanthawi kuti anzake aja andione bwinobwino, kenaka ndinabwerera ndekha. Ndinafika kunyumba malaya atanyowa ndi thukuta, koma ndinafika.

Ku mafizo ndinayamba sabata yotsatira. Maulendo oyamba ankandiperekeza akazi anga, khanda kumsana. M'minibasi ndinkakhala pafupi ndi chitseko. Kumeneko anandiviika dzanja m'madzi ofunda, kundipinda zala mpaka misozi, n'kundipatsa ntchito ya kunyumba: kufinya mpira wa nsanza, kutola nyemba imodziimodzi kuchotsa m'mbale ina kuika m'mbale ina. Ndinkaona ngati masewera a ana, koma ndinkachita. Pamzere wodikira ndinkakumana ndi anthu ena, wina wokhapidwa ndi chikwanje, wina mayi wothyoledwa nsagwada kunyumba kwake komwe. Tinkacheza pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti namwino uja sananame.

M'mimba mwa mwana uja simunasiye tsiku limodzi. Panali masiku ena amene ankadandaulabe, koma ankapita. Akazi anga anadzapeza benchi ina kumapeto kwa msika, malo osayenda malonda ngati akale aja, komabe anali malo. Chala chimodzi, chaching'ono, sichinawongoke mpaka lero.

Amayi a mapepala aja sindinawaonenso. Sindidziwa kuti zimene analemba zinakathera kuti, kaya zinawerengedwa ndi akuluakulu ena muofesi, kaya zili m'kabati. Nthawi zina ndimaganiza za nambala imene anandipatsa ija, kuti penapake pali pepala lonena za tomato wa akazi anga ndi m'mimba mwa mwana wanga, ndipo sindidandaula kuti lilipo.

Ndinabwerera pakhonde la sitolo nyengo yozizira ikutha. Masiku oyamba anthu ankandilankhula motsitsa mawu ngati ali pamaliro. Ena ankabweretsa ntchito zosafunika n'komwe, kungofuna kundithandiza, ndipo ndikalakwitsa ankangoti zili bwino, atelala, musavutike. Zimenezo zinkandipweteka kuposa dzanja.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wachilendo, kondakitala wa basi, amene sankadziwa chilichonse cha ine. Anasiya thalauza kuti ndimuikire thumba latsopano. Pobwera kudzatenga analitambasula, kuliyang'ana, n'kuyamba kukalipa pamaso pa anthu onse.

"Ichi n'chiyani? Thumba kupendama chonchi? Mwasoka ndi maso kapena ndi mapazi? Utelala munaphunzira kuti, akulu?"

Ndinalitenga n'kuliyang'ana. Linalidi lopendama. Mwini sitolo anatuluka kuti amutonthoze, akufuna kumunong'oneza za mkono wanga, koma ndinamuletsa ndi dzanja.

"Mukunena zoona, bwana," ndinatero. "Khalani apa, ndikonza pompano."

Anakhala pabenchi akung'ung'udzabe. Ine ndinatenga lezala n'kuyamba kusomola ulusi, ndikumwetulira ndekha, mpaka bamboyo anandifunsa kuti chikundiseketsa n'chiyani.